Zinanazi M'lole ya Buledi

Iwe Tamanda, wakhala ukundifunsa chifukwa chake amayi ako aakulu, achemwali anga a Rosina, sanabwere ku chinkhoswe chako, ndipo nthawi zonse ndimakuyankha kuti miyendo inkawapweteka. Miyendo yawo inali bwinobwino. Tsopano popeza ndapuma pa ntchito ndipo nthawi ndili nayo, ndilemba zimene zinachitika, kuti iwe ndi alongo ako musadzamve nkhaniyi kwa anthu a pamsika, omwe sangakambe kanthu osaonjezera zawo. Za ubwana wanga sindilemba. Ndiyambira pa geti la fakitale.

1994, pa tebulo losendera

Ndinalowa ntchito chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba. Fakitale yake inali yaing'ono, pafupi ndi boma la Mulanje, yophika jamu ndi kufinya juwisi wa zinanazi. Mwini wake anali a Mukhwapa, bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene anagwirapo ukalaliki ku esiteti ya tiyi ndipo anachokako ndi khalidwe lokalipa asanafunse. Anandipatsa mpeni ndi epuloni, n'kundiimika pa tebulo losendera. Mwezi woyamba manja anga anang'ambikang'ambika ndi madzi a zinanazi, moti ndinkalephera kugwira sopo. Amayi ambiri ankathawa pa mwezi umenewo. Ine ndinakhala, chifukwa ndinali nditauza anthu kwathu ku Limbuli kuti ndapeza ntchito ku boma, ndipo manyazi obwerera anaposa ululu wa manja.

Pa tebulo limenelo ndinaphunzira chinthu chimene chinandidyetsa zaka zonse. Chinanazi chimayamba kupsa kumunsi, chikasu chake n'kumakwera mzere ndi mzere wa maso mpaka kunsonga. Ukachinunkhiza kumunsiko chimakuuza masiku amene chatsala nawo. Ine mphuno yanga inali yakuthwa kuposa ya anzanga. Tsiku lina a Mukhwapa anandipeza ndikupatula zinanazi zitatu pa mulu woti unali utalandiridwa kale.

"Inu mayi, ndakulembani ntchito yosenda kapena yonunkhiza?"

"Bwana, izi zayamba kusasa m'kati. Zikalowa mumphika ziwononga jamu yense."

Anadula chimodzi ndi mkwiyo, akufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anzanga. M'kati munali mwabii. Sanandithokoze, munthu uja sankadziwa kuthokoza, koma chaka chisanathe anandichotsa pa tebulo n'kundiika polandirira katundu.

Zaka za ku Limbuli

Patapita zaka zingapo ananditumiza kwathu ku Limbuli kuti ndizikagula zinanazi kwa alimi. Tinali ndi shedi ya malata m'mbali mwa msewu, sikelo imodzi ndi benchi. Lachiwiri ndi Lachisanu alimi ankatsika nazo m'mapiri, ena pamutu, ena pa njinga zobwereka kwa anyamata a kabaza, madengu atalendewera uku ndi uku. Lole yathu, imene tinkaitcha Mayi Busa chifukwa inkayenda mwaulemu kwambiri, inkabwera kuchokera ku boma yopanda kanthu n'kubwerera yodzaza. Pansi pake panali pachitsulo, ndipo zinanazi zikafika zinkalowa mumphika tsiku lomwelo. Choncho zakupsa kwambiri sizinkativuta, ndipo zinali zokomera jamu.

Mlimi woyamba kufika pa shedi nthawi zonse anali achemwali anga. Muyenera kudziwa kuti amayi athu atamwalira ndi a Rosina amene anandilera, ndipo munda wawo wa zinanazi ndi umene unandifikitsa ku sekondale. Amuna awo atamwalira anaulima okha. Anali ndi lamulo limodzi limene ankanyada nalo: chinanazi sichidulidwa chisanapsere pa mtengo wake mpaka kunsonga. Alimi odula zosapsa ankawatcha akuba a m'munda mwawo momwe. Ndinenenso zoona, zinanazi zawo zinalibe zofanana nazo pa shedi yonse. Ukadula chimodzi, njuchi zinkafika usanamalize kusenda.

2011, mafuta atasowa

Inu mukukumbukira mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta chaka chimenecho. Magetsi nawo ankangozimazima, ndiye dizilo wochepa amene a Mukhwapa ankapeza ankathera mu jenereta ya fakitale. Mvula itayandikira, zinanazi zikuyamba kuchuluka, anandiitanitsa ku ofesi.

"Ku Limbuli tatseka," anatero osandiyang'ana. "Lole ikupita yopanda kanthu, ikumwa mafuta ponyamula mphepo. Tizigula za pafupi pompano. Inu mubwerere polandirira katundu."

"Nanga alimi aja, bwana? Anabzala chifukwa tinawauza kuti tizigula."

"Akagulitse pamsewu."

Ndinatuluka mtima ukuwira. Pamsewu munthu amagulitsa zinanazi zisanu pa tsiku, pamene m'munda zikupsa madengu ndi madengu. Ine malo anga anali otetezeka, koma ndinkaona nkhope za anthu amene ndinawayezera katundu zaka zonsezo, ndi achemwali anga patsogolo pawo. Ndinapempha sabata imodzi yokha asanatseke shedi, ndipo anandipatsa pofuna kuti ndichoke pamaso pawo.

Mawa lake ndili pa benchi ya shedi, ndikuganiza mmene ndiwauzire alimi, ndinaona lole ya buledi itaima pa golosale ya kutsidya kwa msewu. Ndinali nditaiona kangapo konse, koma tsiku limenelo ndinaiona ndi maso ena. Inkachokera ku bekale ya ku Chonde m'mawa, kudutsa pa boma, n'kutsitsa buledi mpaka ku Limbuli. Dalaivala wake, a Likaka, bambo wachikulire wofatsa, ankasanja mathireyi opanda kanthu pakona. Ndinawoloka msewu n'kusuzumira m'katimo. Munali malo oti n'kuvinamo anthu khumi. Ndinawapatsa moni wa kwathu.

"Moseliwa, a Likaka. Kodi pobwerera mumanyamula chiyani?"

"Fumbi, mayi. Fumbi ndi mathireyi."

"Ndiye ife timabwera opanda kanthu n'kubwerera odzaza, inu mumabwera odzaza n'kubwerera opanda kanthu, msewu womwewu, ndipo tonse tikulirira mafuta. Si uchitsiru umenewu?"

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Uchitsiru ndithu. Koma lole si yanga. Mukaonane ndi Abiti Saidi ku Chonde, ndipo mupite mutadya, chifukwa mayi aja sasuntha msanga."

Ndinakwera nawo tsiku lomwelo. Abiti Saidi anali mayi wamtali, wa mpango woyera, amene anatenga bekale amuna awo atamwalira n'kuikulitsa. Anandimvetsera ataima pakhomo la uvuni, manja ali m'chiuno. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi lokha: "Zimenezo sizitulutsa madzi?" Ndinawafotokozera za mizere ya maso, kuti chinanazi chimene chikasu sichinapitirire mizere iwiri ya kumunsi chimakhala cholimba, ndipo ngakhale uchikhalire sichidontha.

"Lole yanga pansi pake ndi matabwa," anatero. "Buledi amalowamo wotentha, ndipo buledi wotentha amamwa fungo lililonse. Dzina langa lili pa pepala la buledi ameneyo. Mukandilonjeza kuti chakupsa sichikwera, tiyese."

Ndinalonjeza. Chovuta chinatsala kuwakhazika pamodzi iwo ndi a Mukhwapa, chifukwa aliyense ankafuna kuti mnzake ndiye abwere kwa iye. Pomaliza anakumana pa geti la fakitale, Abiti ali m'lole, a Mukhwapa ataima panja, ndipo anagwirizana kuti ife tizithirako chigubu cha dizilo pa ulendo uliwonse, iwo azitinyamulira zinanazi pobwerera. Panalibe pepala limene linasainidwa. Masabata atatu oyamba zinayenda bwino kwambiri, moti a Mukhwapa anayamba kuuza anthu kuti nzeruyo inali yawo.

Disembala wa chaka chomwecho

Alimi ambiri anamva msanga za lamulo la mizere iwiri, ngakhale ankadandaula. Achemwali anga masabata amenewo sanabwere, munda wawo unali usanapse mmene iwo amafunira. Lachisanu lina anatulukira m'mawa, njinga ziwiri zili pambuyo pawo, madengu ali chikasu chokhachokha mpaka kunsonga. Fungo lake linadzaza shedi yonse.

"Achemwali, izi zapsa kwambiri. Lole ya masiku ano ndi ya eni ake."

"Iwe Estere, unayamba liti kundiphunzitsa chinanazi? Tayeza apo, dzuwa likukwera."

Ndinayeza. Ndinadziuza kuti ulendo wa ku boma ndi waufupi, kuti madengu ochepa sangavute. Ndipo popeza iwo ndiwo anafika poyamba, zawo ndizo zinalowa poyamba, pansi penipeni, za anthu ena onse n'kusanjikizidwa pamwamba pake. Ine amene ndinkadziwa chinanazi kuposa aliyense pa fakitale ndinaima pomwepo n'kumayang'ana.

Madzi ake analowa m'mipata ya matabwa, mmene tsache la a Likaka silikanafika. Dzuwa la Disembala linachita mbali yake. Pofika Lolemba matabwawo anali atasasa, ndipo buledi wotentha atatsekeredwamo anatuluka akununkha mowa. Eni magolosale anamubweza kuyambira pa boma mpaka ku Limbuli. Anyamata a pamsika, mukuwadziwa, anapezapo poseka: "Tagulani buledi wa Abiti, masilayisi awiri okha mwaledzera!" Kwa munthu wina ikanakhala nthabwala ya tsiku limodzi. Koma Abiti ndi Msilamu wopemphera, ndipo mawu amenewo anafika mpaka kumzikiti kwawo.

Lachiwiri lole sinaime pa shedi. Ndinamva kuti a Likaka awaimitsa ntchito chifukwa chosatsuka bwino galimoto. Ndinathamangira ku ofesi n'kuwauza a Mukhwapa zonse. Anatseka chitseko, n'kulankhula motsitsa mawu, chinthu chimene ndinali ndisanawamvepo akuchita.

"Mayi uja akuganiza kuti wolakwa ndi dalaivala wake. Musiyeni aganize choncho. Mtima ukatsika alemba dalaivala wina, ife tipitiriza. Mukatsegula pakamwa, lole tailuza, ndipo inu ndi alimi anu mudziwa chochita."

Ndikuuzeni zoona ana anga, ndinaganizapo zokhala chete. Njira imeneyo inkateteza alimi, inkateteza achemwali anga, inkatetezanso ine. Koma a Likaka anali atandithandiza popanda chifukwa, ndipo anali ndi banja. Komanso ndinadziwa kuti mgwirizano woyambira pa bodza, tsiku limene chinanazi china chidzadonthe, sipadzakhala wokhulupirira mnzake. Ndinavula epuloni, ndinakwera minibasi ya ku Chonde.

Ndinawapeza Abiti kuseri kwa bekale akuyang'anira amuna awiri amene ankazula matabwa a m'lole. Fungo lake linali loti ngakhale ine ndinagwira mphuno. Sanandipatse mpando.

"Abiti, a Likaka alibe mlandu. Ndinakweza zakupsa ndine, ndikudziwa kuti zapsa. Zinali za achemwali anga, ndinalephera kuwakana."

Anatembenukira kwa ine. "Mukudziwa zimene anthu akunena za ine? Akuti buledi wanga ndi haramu. Zaka zonsezi, ngakhale botolo la mowa lopanda kanthu silinalowepo pa geti langa."

"Ndikudziwa. Ndachita manyazi kwambiri. Ngati mukutisiya, tisiyeni, koma bambo aja abwerere pa ntchito."

"A Mukhwapa akutumani?"

"Iwo anandiuza kuti ndisabwere."

Anatembenuka n'kuyang'ana matabwa aja, kenako anaitana munthu kuti andibweretsere mpando. Tinakambirana mpaka dzuwa linapendeka. A Likaka abwerera. Lole ikaikidwa matabwa atsopano, fakitale igule pepala lalikulu lapulasitiki loyala pansi, ndipo zinanazi zizikhala m'madengu, osati kukhuthulidwa. Koma mawu awo omaliza ndiwo anandilemera. "Pa chitseko cha lole muziimapo inuyo, osati wina. Chikadzakwera chakupsa chimodzi, kaya n'cha achemwali anu, kaya n'cha mfumu, basi zatha. Sindidzakufunsaninso."

A Mukhwapa atamva anakalipa mpaka agalu a kuseri anauwa, anandiuza kuti ndine mayi wamwano ndipo adzandichotsa ntchito Khirisimasi ikadutsa. Pulasitikiyo anakagula okha tsiku lotsatira.

Lachisanu lotsatira

Ndinapita ndekha kunyumba kwa achemwali kukawafotokozera. Anamvetsera akunola mpeni pa mwala, n'kungoti, "Ndamva." Ndinabwerera ndikuganiza kuti tamvana. Iwo anamva kuti lamulolo ndi la anthu ena.

Lachisanu anafika oyamba monga mwa masiku onse, njinga zisanu, zokolola zazikulu za munda wawo chaka chimenecho. Zonse zinali zachikasu mpaka kunsonga. Alimi ena anali atayamba kusonkhana, a Likaka anali atatsegula chitseko n'kuyala pulasitiki. Ndinatenga chinanazi chimodzi, ndinachitembenuza, ndinachinunkhiza, ngakhale panalibe chifukwa chonunkhizira.

"Achemwali, izi sizikwera."

Achemwali anasendera pafupi nane.

"Wati chiyani?"

"Sizikwera. Zikakwera izi, lole iyi sibweranso, ndipo anthu onsewa alibe kogulitsa."

"Asa! Iwe Estere, munda umene ukuukanawu ndi umene unakuveka yunifolomu. Chingerezi ukulankhula ndi mabwana akocho chinachokera m'zinanazi zomwezi. Lero zanunkha?"

"Sizinanunkhe, achemwali. Palibe zokoma ngati zanu pano. Koma sizikwera."

Sanalire, sanatukwane. Anamanga chitenje chawo bwinobwino, n'kuuza anyamata a njinga kuti atsitse madengu m'mbali mwa msewu. Anakhala pansi pamenepo, moyang'anizana ndi shedi, tsiku lonse. Ine ndinkayeza katundu wa anthu ena, ndikakweza maso n'kuwaona akuingitsa ntchentche. Magalimoto odutsa anali ochepa chifukwa cha mafuta omwewo. Anagulitsa zowerengeka. Patapita masiku atatu mulu wonse unali utasasa, ndipo mwini mbuzi wina anabwera kudzautola. Ndinawatumizira thumba la chimanga, linabwerera losamasula. Sindinamvepo kuwawa mtima kotero pa ntchito yanga yonse, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamalopo ndimayang'ana kumbali.

Tsiku limenelo alimi ena onse anaona kuti lamulo silisankha nkhope, ndipo palibe amene anayesanso kundinyengerera. Lole ya buledi inanyamula zinanazi nyengo yonseyo, buledi osanunkhanso. Mafuta atayambanso kupezeka, a Mukhwapa sanadzutsenso Mayi Busa pa njira ya ku Limbuli, anaona kuti kugwirizana n'kotchipa. Kenako Abiti anayamba kutenga jamu wathu n'kumagulitsa pamodzi ndi buledi wawo m'magolosale omwewo. Ntchito sanandichotse. Shedi ya ku Limbuli ilipobe mpaka pano, ndipo ndinaisiya m'manja mwa mayi amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga mizere ya maso.

Koma achemwali anga sanapondenso pa shedi. Anayamba kugulitsa kwa amayi a pamsika, pang'onopang'ono, zakupsa monga ankafunira. Kutchalitchi tinkapatsana moni wa pakamwa basi. Chinkhoswe chako, Tamanda, chinachitika chaka chotsatira, ndipo mpando umene ndinawasungira kutsogolo unakhala wopanda munthu mpaka mwambo unatha. Ukafuna kukwiya, kwiyira ine. Ndikanabwezedwa pa chitseko cha lole ija ndikanawakananso. Chimene ndimadziimba nacho mlandu ndi Lachisanu loyamba lija, pamene ndinavomera. Ndikanawakana tsiku limenelo, madengu anali ochepa ndipo anthu oonerera panalibe.

Nditapuma

Mwezi umene ndinasiya ntchito, ndinali pakhonde masana ndikusankha nandolo, n'kuona njinga ya kabaza ikuima pa mpanda. Achemwali anatsika pang'onopang'ono, chifukwa tsopano miyendo ikuwapwetekadi. M'manja anali ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Sanadikire kuti ndiwalonjere. Anakhala pa mkeka, anamasula chitenje, n'kundiikira patsogolo chinanazi chimodzi chachikulu, chachikasu kuyambira kumunsi mpaka kunsonga.

"Ndamva kuti wapuma. Tachiyeza."

Ndinachinyamula, ndinachitembenuza, ndinachinunkhiza kumunsi. Misozi inali itayamba kale kutsika.

"Achemwali, ichi sichingakwere lole."

"Ndikudziwa," anatero. "N'chifukwa chake ndabwera nacho pa njinga. Katenge mpeni."